Mipando ya Kefasi

Mkanda, Mchinji
14 Meyi 2023

Okondedwa Achimwene a Kefasi,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu kumeneko ku Cape Town. Ife kuno tadzuka. Bambo miyendo ija ikumatupabe, koma njinga sakuisiya. Mudabwa kuti ndalemba kalata ngati munthu wachikale. N'chifukwa choti pa foni mumalankhula nokha mpaka mayunitsi kutha, ine n'kutsala ndi mawu kukamwa. Papepala simungandidule. A Joe, amene amatibweretsera katundu wanu pa lole yawo, avomera kuti azitinyamulira makalata.

Mipando yanu 40 ya pulasitiki ndinakagula ku Lilongwe monga munanenera, ndipo uliwonse ndaulemba K ndi nambala kumsana ndi penti wofiira. Lesitilanti ndi bala yathu tsopano zikuoneka ngati malo a anthu. Ino ndiyo nyengo yathu: soya wagulidwa, mtedza ukukumbidwa, a fodya ayamba kulandira. Tsiku la msika ndikumagulitsa mbale 70, mwinanso kuposa. A Maliko, ogula mtedza aja, sajomba. Amakhala pakona, n'kuitanitsa mpunga wa nyama ya mbuzi, kenako n'kuyamba kudandaula kuti nyamayo ndaidula ndi lumo lometera. Tsiku lililonse dandaulo ndi lomwelo, koma mbale amaisiya yoyera, ndipo sabwera okha, amakoka anzawo atatu kapena anayi.

Ndikuuzeni chimene ndaphunzira. Inu mumati ndalama ili kubala, koma botolo limodzi la mowa limatisiyira K150 basi, ndipo wina akaledzera n'kuswa botolo, phindu la mabotolo awiri lapita. Ndalama ili m'mbale, Achimwene. Chovuta n'chakuti mafuta ophikira ndi makala zikukwera ngati zikuthamangitsidwa. Komanso firiji yathu ikungolira osaziziritsa, ndipo mowa wofunda ngakhale chidakwa chimaukana. Wokonza akufuna K85,000. Ngati mungathe tithandizeni kusanayambe kutentha.

Sabata yatha kunali maliro kwa a Nkhoma, kuseri kwa sukulu. Anabwera ndi ngolo kudzabwereka mipando 20 ndi mapoto awiri akulu aja. Yabwerera 19, ndipo umodzi wathyoka mwendo. Ndangoti ndikudziwitseni.

Ine mlongo wanu,
Dailesi


Cape Town
10 Juni 2023

Wokondedwa Dailesi,

Kalata yako yandipeza ndili bwino, kungoti kuno kukuzizira ndi mvula yosaleka. Wachita bwino kulemba, chifukwa foni yanga anandibera musitima, ndiye usadikire kuti ndiimba. Ya firiji ndawapatsira a Joe. Bambo uwauze amwe mankhwala awo, asamangodalira njinga.

Koma nkhani ya mipando yandidya mumtima. Ndinaidziwa kalata yako isanafike. Blessings, mnzanga wa ku Kapondo amene ndimagona naye chipinda chimodzi, anandionetsa chithunzi cha maliro pa gulu la anthu akwathu pa foni yake. Ndinangoona K17, bambo wina wonenepa ataupendeketsa, wakhalira miyendo iwiri yam'mbuyo. Ndinazindikira thukuta langa pomwepo.

Mlongo wanga, zaka 9 ndikunyamula mbale za azungu m'lesitilanti, ndipo sindinangonyamula, ndaphunzira. Bwana wanga amati lesitilanti sigulitsa chakudya, imagulitsa pokhala. Tsiku la msika mpando umodzi umakhalidwa ndi anthu awiri kapena atatu. Aliyense akatisiyira K600, mpando umodzi wagwira K1,800. Ndiye mipando 20 ikapita kumaliro masiku atatu, werengera wekha. Wonjezerapo wothyoka ndi wosowa. Ndipo maliro ku Mkanda satha, sabata iliyonse alipo. Kodi ine ndinatsegula lesitilanti kapena bungwe losamalira maliro?

Ndiye tamvera. Kuyambira lero mpando usatuluke pakhomo, poto asatuluke. Kukagwa zovuta, pita ukapepese ndi ufa ndi kangachepe ngati wina aliyense. Ukalephera kusunga lamulo limeneli, ndipeza manejala wa ku Boma amene alibe chibale ndi munthu pa Mkanda.

Sindikunena mwankhanza. Malo amenewo ndiwo njira yanga yobwerera kwathu. Ndatopa, Dailesi. Miyendo imandiwawa, ndipo mapepala anga anatha kalekale, ndimayenda ndikuyang'ana m'mbuyo. Ndikufuna Disembala wa chaka chamawa ndibwere osadzabwereranso kuno. Mpando uliwonse umene ukusowa ndi sabata ina yoonjezera kuno.

Ine mlongo wako,
Kefasi


Mkanda
9 Julayi 2023

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira chisanu sichinakumalizeni. Ife tilipo. Zikomo kwambiri, firiji yadzuka, tsopano ikuziziritsa mpaka makasitomala akumadandaula mano.

Kalata yanu inagona panjira masabata atatu chifukwa lole ya a Joe inafera ku Tete. Pamene lamulo lanu linali kuwothera dzuwa m'mbali mwa msewu, mipando inapitanso kumaliro kawiri. Panopa ilipo 37. Musalumphe, ndakuuzani ndekha.

Masamu anu ndawawerenga kawiri. Ndi olondola, koma ndi masamu a ku Cape Town. Kumeneko wodya m'lesitilanti mwanu simudziwa kumene amagona. Kuno amene amabwereka mipando ndi omwewo amene amadya mbale zathu. Komanso maliro akatha, abale ochokera kutali amadzera pano podikira galimoto, n'kumafunsa kuti kodi K ameneyu ndi ndani. Tsiku loika maliro a kwa Nkhoma ndinagulitsa mbale 20 zoonjezera, ndipo mowa unatha m'firiji. Zimenezo bwana wanu sanakuphunzitseni. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika.

Mwaiwala maliro a Mayi? Tinakhalira mabenchi a kutchalitchi, tinaphikira mapoto a eni, ngakhale nkhuni zinali za eni. Palibe anatiwerengera.

Komabe ndalama ndi zanu, thukuta ndi lanu, ndipo inenso ndikufuna mubwere. Ndimvera. Koma mawu a manejala aja andipweteka, sindibisa. Ndinasiya geni yanga ya kaunjika chifukwa cha malo anuwa. Ndimadzuka tambala woyamba kukasankha mbuzi kwa opha nyama, ndimakangana ndi a khonsolo za layisensi, ndimalekanitsa ndewu za anthu oledzera ndi manja angawa. Manejala wa ku Boma mudzamufunse ngati angachite zimenezi pa malipiro amene ine ndimalandira.

Ine mlongo wanu,
Dailesi


Mkanda
20 Ogasiti 2023

Achimwene,

Simunayankhe, koma sindingadikire. Moyo wanu uli bwanji? Bambo alipo, ine thupi lili bwino koma mtima ayi.

A Maliko anatisiya masabata atatu apitawo. Anadwala masiku anayi okha. Uthenga unafika m'mawa wa tsiku la msika, ndipo dzuwa lisanakwere ndinangoona ngolo yaima pakhomo penipeni pa lesitilanti. Anali a Lovemore, mng'ono wawo wa malemuwo, amenenso ndi mkulu wa adzukulu okumba manda kuno. Sanabwere ngati wopempha. Anabwera ngati munthu wodzatenga zapakhomo pake.

"A Nabanda, mwamva zatigwerazi. Tithandizeni tikweze mipando ija."

Ndinati, "Pepani a Lovemore, eni ake anakaniza."

"Eni ake ati?"

"Achimwene."

"Amene ali ku Joni aja? Akudziwa kuti wagona ndi Maliko?"

Ndinati lamulo ndi la aliyense. Iwo sanakalipe. Anangosuzumira mkati, n'kuyang'ana pakona paja pamene achimwene awo ankakhala. Kenako anati, "Chabwino mayi, zikomo. Isungeni bwino, ingazizidwe." Anatembenuza ng'ombe. Mukudziwa mmene ngolo yopanda kanthu imasokosera. Inadutsa pakati pa msika wonse ikulira choncho, ndipo aliyense anatembenuka.

Kumaliro ndinapita ndi ufa ndi kangachepe monga munanenera. Nditalowa m'nyumba ya siwa, amayi anandisendezera malo akulu okwana anthu atatu. A Esitele, amasiyewo, anandipatsa dzanja akuyang'ana kukhoma. Panja amuna anakhala pa njerwa ndi pamizu ya mango, azibambo achikulire ndi majekete awo.

Palibe wanditukwana, Achimwene. Bola akanatukwana. Amadutsa pa njinga n'kundipatsa moni waulemu, "Mwaswera bwanji a Nabanda," n'kupitirira kukadya kwa a Linda, m'chisakasa cha mabenchi awiri, kumene mpunga wake umakhala ndi miyala. Msika wotsatira ndinagulitsa mbale 31. Wapitawu 12, ndipo onse anali alendo, madalaivala ndi amalonda a ku Zambia amene sakudziwa nkhani. Kubala nako mowa ukungozizira wokha. Nkhuku imodzi ikumatha masiku awiri. Mayi wothandiza kuphika ndamuuza ayambe wapuma. Lendi ya mwezi uno ndalipira ndi ndalama zoodera mowa, ndipo iyi ndi nyengo ya ndalama. Nanga Januwale tidzatani?

Koma mtima wanu ukhale pansi. Mipando yanu yonse 37 ilipo. Ndimaipukuta m'mawa uliwonse. Palibe wina wathyoka, chifukwa palibe amene akukhalapo.

Ndiuzeni chochita.

Dailesi


Cape Town
3 Sepitembala 2023

Wokondedwa Dailesi,

Moni kwa iwe ndi Bambo. Kalata yako ya Julayi ndangoilandira kumene, a Joe akuti akhala akukonzetsa lole. Ngati unalembanso ina, sinafike.

Ndakondwa kuti wamvera. Za manejala zija iwala, ndinalemba ndi mkwiyo, ndikudziwa kuti umagwira ntchito ya anthu atatu. Anthu adandaula masiku oyamba, kenako azolowera. Munthu wanjala sasunga chakukhosi, amatsata kumene kukununkhira.

Mfundo yako ija yoti maliro amabweretsa makasitomala ndaiganizira, ndipo yandipatsa nzeru. Tisakanize kotheratu. Ulembe chikwangwani panja: mpando K200 pa tsiku, poto K1,000, wothyola alipira. Apo aliyense wapindula. Kuno ndi mmene amachitira, ndipo palibe amakwiya.

Nyengo ino ndikudziwa kuti zikuyenda, ndiye uyambe kupatula ya matebulo ena awiri. Ndikufuna ndikadzafika tidzamange khonde kutsogolo.

A Maliko uwapatse moni. Uwauze kuti dandaulo lawo lafika mpaka ku Cape Town, ndipo uwaonjezere kanyama kamodzi m'mbale, kanga ineyo.

Ine mlongo wako,
Kefasi


Mkanda
15 Okutobala 2023

Mwana wanga Kefasi,

Ndine bambo ako, Benedicto Banda. Ndalemba ndekha, ndiye upirire ndi zilembo zokhotazi. Ndikhulupirira Ambuye akukusunga. Ine ndilipo, miyendo ndi mtima zikukangana kuti ayambe kutopa ndani.

Kalata yako ya chikwangwani mlongo wako anandiwerengera. Pofika pa moni wa Maliko analephera kumaliza. Chikwangwanicho ndamuletsa ndine. Ukafuna kukalipa ukalipire ine.

Mwana wanga, sindidziwa masamu a lesitilanti. Ndinali kapitawo pa esiteti ya fodya zaka 22, ndimadziwa kuwerenga mabelo ndi anthu. Chimene ndikudziwa n'chakuti maliro n'kulirana. Mwezi watha ndinakumana ndi Lovemore pachigayo. Anandipatsa moni bwinobwino, kenako anati, "Madala, mudzisamalire, musafulumire. Makasu athu masiku ano eni ake akukaniza." Anzake anaseka. Inenso ndinaseka, poti adzukulu ndi anthu a nthabwala. Koma nditafika kunyumba nsima inandikanika.

Ukudziwa mwambo wake. Banja limene silithandiza pa maliro a anzawo, tsiku lawo likafika adzukulu amangobweretsa khasu n'kuliika pakhomo, kuti kumbani nokha. Ndinaziona ndi maso anga kawiri. Tsono iwe uli kutali ndipo sungabwere. Khasu limenelo adzapatsa ndani? Dailesi? Sindiopa kufa, ndakalamba. Ndikuopa kugona m'nyumba masiku atatu mwana wanga wamkazi akupempha anthu pakhomo ndi pakhomo.

Ndiye ndikuulule tchimo langa. Ndakubera. Chimwalirire mayi ako sindinapondepo m'bala, koma tsiku lina ndinalowa m'bala mwako masanasana, n'kutenga mipando inayi, n'kuimanga pa njinga ndi malegeni. Dailesi anaima pakhomo, ndinamuuza kuti lamulo la Kefasi limagwira mlongo wake, siligwira bambo ake. Kunali maliro a mwana wa tenanti wina wa ku Phalombe, pa esiteti ya kutsidya kwa dambo. Kupalasa sindikanatha, ndinakankha. Ndinayenda maulendo atatu, mipando 12.

Ndinaindandalika pansi pa mtengo. Palibe anakhalapo. Amuna anakhala pansi pambali pake, ngati mipandoyo ili ndi minga. Ndinakhalapo ndekha, pa K9, pakati pa mipando 11 yopanda anthu, mpaka mwambo kutha. Kenako ndinaimanganso n'kubwerera nayo, maulendo atatu. Palibe anandigwirira njinga.

Ndachita choncho pa maliro atatu tsopano. Sanakhalepobe. Ena akuti mdalayu wazungulira mutu. Koma pa maliro achitatu mnyamata wina wa adzukulu anandimangira legeni limene linamasuka, ngakhale sanandiyang'ane kumaso. Akagwa ena ndidzapitanso.

Sindikupempha ndalama. Mipando yako sinathyoke, ndimaibweza yonse. Ndikungofuna udziwe kuti mbala ndine, usamuganizire mlongo wako.

Ine bambo ako,
B. Banda


Cape Town
12 Novembala 2023

Okondedwa Bambo, ndi iwe Dailesi,

Makalata anu awiri, ya Ogasiti ndi ya Bambo, a Joe andipatsa tsiku limodzi. Ndinawerenga nditaimirira kuseri kwa khitchini ya kuntchito. Nditakumbukira zimene ndinalemba za a Maliko, ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Ndagula kafoni kotchipa, ndipo kawiri konse ndayamba kuimba n'kudula. Izi sindingathe kuzinena pakamwa, ndili ndi manyazi.

Makalatawa andipeza ndili kale ndi chisoni. Blessings, mnzanga wa chipinda chimodzi uja, anamwalira pa 28 Okutobala. Anagwa pa ntchito ya zomangamanga. Amalawi a kuno tinasonkhana pabwalo la nyumba imene timachita lendi, kuti tilire ndi kusonkha ndalama zotumizira thupi ku Kapondo. Anthu anabwera oposa 60, ena achikulire, ena ochokera kutali. Pokhala panalibe.

Ine ndinati musadandaule, kuntchito kwathu kuli mipando yakale yodzaza chipinda, yongosungidwa. Ndinapita kwa bwana wanga, amene ndamugwirira ntchito zaka 9 osaswa ngakhale tambula. Anandimvetsera bwinobwino, anandigwira paphewa, anati pepa. Kenako anati mipando ya kampani situluka, ndipo akandibwereka ine mawa aliyense adzafuna. Anandipatsa nambala ya kumene amabwereketsa ndi ndalama. Anamaliza ndi kuti, "Iwe Kefasi ukudziwa bwino mmene bizinesi imayendera."

Ndinkadziwadi, Bambo. Anali mawu anga omwe aja, kungoti iye anawanena mwaulemu kuposa ine.

Tinakhala pa zigubu za penti ndi pa njerwa. Amalume ake a Blessings, bambo wa imvi, anaimirira tsiku lonse atatsamira khoma. Panopa ndikakumbukira tsikulo ndimangoona ngolo ya a Lovemore, ngakhale nthawi imeneyo ndinali ndisanamve za iyo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ine changa sichinadikire n'komwe mawa.

Dailesi, lamulo lija lafa. Mipando, mapoto, ngakhale matebulo, kukagwa zovuta zizipita, ndipo usadikire kuti abwere kudzapempha. Upite kwa a Lovemore ndi kwa a Esitele ukawauze kuti wolakwa ndi Kefasi, ndipo ndikadzabwera ndidzafika ndekha pakhomo pawo. Ngati lesitilanti yafa, yafa ndi dzanja langa. Ndikhala kuno chaka china, palibe kanthu.

Bambo, chonde siyani kukankha njinga ndi miyendo imeneyo. Simunandibere. Mwandibwezera chimene ndinataya ndekha. Ndidikireni.

Ine mwana wanu,
Kefasi


Mkanda
10 Disembala 2023

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira mwayamba kudya. Pa foni tsiku lija tinangolira tonse awiri mpaka mayunitsi kutha, ndiye zambiri sindinakuuzeni. Musadzizunze kuti simunabwere, aliyense akudziwa za mapepala anu. Musaganizenso kuti ndi njinga ija. Kuchipatala ku Boma anati mtima unali utatopa kale. Anagona masiku awiri okha, ndipo anapita mwamtendere Lolemba m'mawa.

Kalata yanu yothetsa lamulo inafika Lachinayi. Bambo tinawaika Lachiwiri. Sanaimve. Ndinaiwerenga ndekha, kenako ndinakaiwerenganso mokweza m'chipinda mwawo, ngakhale munalibe munthu.

Ndikuuzeni mmene zinayendera, chifukwa ndikudziwa funso limene mukuopa kufunsa. Titafika ndi thupi kunyumba, ine maso anali pakhomo, kudikira khasu. Mvula inali itagwa, ndipo anthu ankabwera mmodzimmodzi. Sindinadikire chilolezo chanu, pepani. Ndinatuma ana a alongo awo a Bambo kukatenga mipando yonse 37 pa wilibala, n'kuindandalika pabwalo. Amuna ankafika, kuvula zipewa, kupepesa, n'kukakhala pa miyala ndi pa zitsa zonyowa. Ena anangonjuta. Mipando inali mbuu pakati pa bwalo, madzi a mvula ali m'kati. Tsiku lonse la Lolemba linatha choncho, ndipo za manda palibe ananena kanthu.

Lachiwiri m'mawa ndinatuluka m'nyumba ya siwa kuti ndikagwade kwa a Lovemore. Ndinali nditakonza kale mawu. Koma amayi ena anandigwira chitenje, anati khala pansi, adzukulu analawirira kumanda kusanache.

Cha m'ma 10 koloko anatulukira, matope mpaka m'mawondo, makasu paphewa. A Lovemore anali patsogolo. Anaika khasu lawo pansi, osati pakhomo pathu, koma patsinde pa mtengo. Kenako anayamba kuyenda pakati pa mipando, akuitembenuza umodziumodzi ndi kuwerenga kumsana. Atapeza K9 anaukhuthula madzi, anaukoka pakati pa bwalo, n'kukhalapo ndi matope awo onse.

Ndiye anayang'ana amuna aja n'kunena mokweza, "Kodi inu mukufuna mdalayu adzuke ayambenso kumanga mipandoyi pa njinga? Ife tatopa naye. Maliro anayi akutichititsa manyazi ndi kukankha kwakeko. Khalani pamipando, apume!"

Anthu anaseka, Achimwene, pamaliro a Bambo. Ine ndinalira kuposa mmene ndinalirira kuchipatala. Anadzuka mmodzimmodzi akudzikuntha kumbuyo, ndipo posakhalitsa mipando inachepa. Matenanti a kutsidya kwa dambo anabwera gulu, atasenza nkhuni. A Esitele ndi amene anagwira poto wamkulu, ndipo pogawa anandiikira ndiwo m'mbale ndi dzanja lawo, n'kunena kuti idya, mawa uli ndi ntchito. Bambo anaikidwa bwino, nyimbo zinamveka mpaka kumsewu.

Uthenga wanu ndinakapereka kwa a Lovemore Lachisanu. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kuti, "Akadzabwera adzanene yekha. Khasu lomudikira lilipo, tidzapita naye kukakumba a ena."

Za bizinesi sindikunamizani. Tayamba nyengo ya njala, anthu ndalama zathera ku feteleza, ndipo zimene tinataya miyezi inayi ija sizibwerera. Makreti ena a mowa ndagulitsa kuti ndilipire lendi. Khonde muiwale kaye, ndipo mwina Disembala wanu uja asuntha. Koma msika wapitawu ndinatsegula, poti kukhala m'nyumba kumangondikumbutsa. Ndinaphika pang'ono, kuopa kutaya. Pofika 1 koloko mpunga unali utatha, ndinachita kukagula wina. Mbale 34. Mayi wothandiza kuphika uja ndamuitananso.

A Lovemore anabwera ndi anzawo atatu. Anakhala pakona paja, anaitanitsa mpunga wa nyama ya mbuzi. Nditawaikira anayang'ana m'mbale nthawi yaitali, n'kutokosa ndi supuni, kenako anati, "A Nabanda, lumo lija mukadali nalo?" Chibadwire sindinakondwerepo ndi dandaulo la kasitomala ngati tsiku limenelo. Ndinabwerera kukhitchini n'kukawatengera kanyama kamodzi, kanu kaja munalonjeza a Maliko.

Mipando ndawerenga dzulo. Ilipo 34. Itatu sinabwerere kuchokera pa maliro a Bambo, ndipo sindikuifunafuna. Mawa m'mawa ngolo ikubwera kudzatenga 20, kwagwanso zovuta kwa a Nkhoma.

Ine mlongo wanu,
Dailesi